Malaya Opanda Mabatani a Chedi Lal

Anthu a m'khwalala lathu lino pakamwa sipatopa. Akandipeza ndikusoka malaya opanda mabatani, ongolowetsa mutu basi, amayamba: "Masitaji, si munthu yemwe uja munalumbira pagulu kuti ngakhale kumaliro ake simudzapondako? Lero ndiye mukumusokera?" Ndimawauza kuti asamale za kunyumba kwawo. Kulumbira ndinalumbiradi, ndipo mpaka lero dzina la Chedi Lal likandilowa m'khutu mtima umandiwira. Koma poti inu kunalibe, khalani pabenchipo ndikuuzeni za munthu ameneyu.

Ine ndine Kalimullah, telala, ndipo Masitaji ndi dzina laulemu lomwe amaitanira atelala kuno. Shopu yangayi ndi chipatala chili pambalipa kale zinali chipinda chimodzi chachitali. Mwini nyumba, pofuna kudya kawiri, anachidula pakati ndi thabwa lopyapyala n'kulipaka penti yobiriwira. Uku kwanga, uko kwa Dokotala Sahibu, kunena kuti bwana dokotala. Dzina lawo sinditchula, m'kamwa mwanga mungade. Kuseri kwa thabwa lomwelo ndi komwe anaika makina a ekisireyi, ndipo wojambula wake anali Chedi.

Chedi anabadwira tsidya la mtsinje, kubanja la oumba mbiya. Sukulu analekezera panjira, n'kubwera m'tauni muno kudzasesa m'chipatalamo. Mkulu amene ankajambula nthawi imeneyo anali chidakwa, manja akunjenjemera m'mawa uliwonse, ndiye ankatuma wosesayo kuti adine batani, atsuke mafilimu, aimike odwala. Chidakwacho chitamwalira, Dokotala Sahibu sanaone chifukwa chofunira munthu wa mapepala. Anangomuponyera Chedi jekete yoyera, basi wasanduka wojambula.

Ntchito ndiye inalipo. Tauni yathu ndi ya oluka nsalu, fumbi la thonje timadyera kumodzi ndi mpunga, ndipo nyumba yopanda munthu wotsokomola simungaipeze. Kuyambira m'mawa mzere wa ofuna kujambulitsa m'chifuwa unkafika pakhomo panga. Tsiku lonse mawu a Chedi ankamveka kuseri kwa thabwa: "Tsamirani apa. Kokani mpweya. Gwirani, musapume!" Kenaka makina aja khethe! "Pumani tsopano. Wina!" Mwana akamalira n'kumaphiriphitha, Chedi sankalola mayi ake kulowa. Ankamugwira yekha ndi manja ake awiri, batani n'kuliponda ndi phazi. Chovala cha mtovu chodzitetezera chinalipo, chong'alukang'aluka, chikulendewera pamsomali chaka ndi chaka. Kabaji koyezera cheza chomwe wojambula walandira kankagona mudilowa ya Dokotala Sahibu, kuti akakatumiza kulikulu kazikanena kuti zonse zili bwino.

Manja a Chedi sunkafuna kuwayang'ana ukudya. Ubweya wa pazala unatha kalekale, khungu lili gwa, lothethekathetheka, zikhadabo zosweka. Ukamufunsa ankati ndi mankhwala otsukira filimu, n'kubisa manjawo m'matumba.

Tinamwera limodzi tiyi wa madzulo zaka khumi ndi zisanu. Iye nyama sadya, ine kukachisi kwake sindinapondeko, koma zimenezo sizinativutepo. Ankabwera ndi kambale kake ka chapati ndi anyezi, n'kukhala pomwe mwakhala inupo. M'khwalala muno ankamutcha Pulofesa chifukwa cha chipepala chomwe anapachika m'chipinda chake chojambulira, chokhala ndi mzere wautali wa mitundu yonse ya cheza, utawaleza uli pakati. Ukangomupatsa mpata ankayamba ulaliki wa chipepalacho, ife n'kumatsinana. Palibe ndi mmodzi yemwe anamumverapo mpaka kumapeto.

Mkazi wanga Zaibun ankagwira nane ntchito. Ine ndi makina pakhomo, iye kumbuyo pamkeka, msana atatsamiza ku thabwa lija, akupinda nsalu ndi kusokerera mabatani. Malo amenewo ndinamusankhira ndine, chifukwa pakhomo pamadutsa amuna a maso ataliatali. Zaka khumi ndi zinayi anakhala pamenepo. Akamva khethe uja ankati, "Winanso uyo, Mulungu amuchiritse," n'kupitiriza kusoka.

Chaka china Chedi anabwera atanyamula kampando katsopano. Zaibun ankamuitana kuti Bhabhi, ngati mkazi wa mkulu wake weniweni.

"Bhabhi, bwanji muzikhala apa powala? Kumbuyoko kuli mdima, maso adzakutherani. Ndiponso thabwalo lili ndi chinyontho."

Ine ndinapsa mtima pomwepo. "Iwe Chedi, mkazi wanga ukufuna kumuika pakhomo ngati chidole chotsatsira malonda? Tenga kampando kakoko uzipita."

Anakatenga n'kubwerera nako kuseri. Za kampando kameneka musaiwale.

Kenaka kunabwera nsanja ya mafoni. Anaiimika padenga la nyumba yosanjikiza iyo mukuiona patsidyapo, chichitsulo chachitali choyang'anana ndi khomo langa. Chaka chomwecho mpheta zomwe zinkadzaza m'khwalala muno zinayamba kusowa. Chaka chomwechonso Zaibun anayamba kutopa popanda chifukwa, magazi kumatuluka m'nkhama, timadontho takuda thupi lonse. Kuchipatala chachikulu cha kumzinda anati ndi khansa ya m'magazi. Miyezi isanu ndi itatu yokha, tinakamuika.

Ndani akanandiuza kuti si nsanja? Chinthu chabwera, mbalame zathawa, mkazi wanga wamwalira. Ndinkafuna woti ndimuloze chala, ndipo nsanjayo inali pomwepo, tsiku lililonse ikundiyang'ana. Ndinasonkhanitsa anthu titatuluka kumapemphero a Lachisanu, Ahindu nawonso anabwera, tinadinditsa zala anthu mazana atatu papepala lodandaula, tinakhala pamsewu ndi zikwangwani mpaka magalimoto kuima. Telala ine ndinasanduka mtsogoleri, anthu n'kumandipatsa moni ndi manja awiri. Chedi yekha ndiye anakana kudinda. Ankangoti, "Masitaji, nsanjayo si mdani wanu." Ndinkati ndi mantha a munthu wolembedwa ntchito, ndipo sindinamufunse kuti nanga mdani wanga ndani.

Patatha chaka, mwana wanga mmodzi yekhayo, Gulnaz, anabwera kuchokera kwa apongozi ake ali ndi pakati pa miyezi isanu, poti mwana woyamba amabadwira kwa makolo a mkazi. Mayi kulibe, kunyumba kuli zii, ndiye anati, "Abba, ndikhala bwanji ndekha tsiku lonse? Ndizibwera kushopu ndizikuthandizani mabatani." Ndinavomera, koma mumtima ndinati nsanja ija mdzukulu wanga simuona. Ndinakhoma lata pazenera, ndinapachika chinsalu chokhuthala pakhomo, ndipo Gulnaz ndinamukhazika kutali kwambiri ndi nsanja, kumbuyo kwenikweni, pamkeka wa mayi ake, msana ku thabwa. Ndinamupatsanso sizasi ya mayi ake yomwe. Ndinkadziona wochenjera, mbuzi ya munthu ine.

Masabata amenewo Chedi kunalibe. Anapita kumudzi kukakwatitsa mwana wake, ndipo batani ankadina ndi mkulu wogawa mankhwala. Tsiku lomwe anabwerako analowa m'shopu madzulo monga mwa nthawi zonse, makapu awiri a tiyi ali m'manja, akuseka za lata langa lapazenera. Atakankha chinsalu chija, Gulnaz, yemwe ankamuitana kuti Chacha ngati bambo wake wamng'ono, anadzutsa mutu kumbuyoko.

"Chacha, mwabwerako? Ukwati unayenda bwanji?"

Makapu onse awiri anagwa pansi, phwaa! Tiyi anamwazikira pansalu ya kasitomala.

"Dzuka pamenepo, mwanawe. Dzuka msanga!"

"Iwe, wapenga?" ndinatero. "Waona zomwe wachita pansalu ya eni ake?"

"Masitaji, mwanayu wakhala masiku angati pamenepa?"

"Masabata atatu. Vuto n'chiyani? Ndi malo okhawo amene nsanja siifikako."

"Nsanja, nsanja! Mwatitopetsa nayo nsanja yanuyo!"

Zaka zonsezo ndinali ndisanamumvepo Chedi akukweza mawu. Anamugwira Gulnaz pamkono n'kumuimika pafupi ndi khomo. Kenaka anatola malaya awiri patebulo panga, ena ongogwirizira, ena omalizidwa.

"Lero mundimvera mpaka kumapeto. Inu ndinu telala. Uwu ndi msoko wotalikirana womwe mumagwirizira nsalu poyesa. Uwu ndi wothinana womwe mumamalizira kolala. Cheza chilinso choncho. Chonse ndi banja limodzi, chimayenda ngati mafunde, kusiyana kwake ndi kutalikirana kwa mafundewo. Cha wailesi ndi cha nsanja yanuyo ndi msoko wotalikirana, chofooka, chikalimbikira kwambiri n'kungofunditsa. Chotsatira ndi kutentha kwa nsimbi yanu ya makala. Kenaka kuwala komwe maso amaona. Kupitirira apo ndi chija chimatupitsa maso a owotcherera zitsulo. Ndiye pamabwera changa, chothinana kwambiri, cholowa m'mnofu ngati singano m'nsalu, ndipo komwe chadutsa chimasiya chitawononga. Choti n'kuchiimitsa ndi mtovu kapena khoma lochindikala la njerwa. Odwala anga amatsamira pathabwa ili, makina amaloza kuno. Wodwala amalandira kamodzi n'kumapita kwawo. Wokhala pamkekapo amalandira tsiku lonse."

"Dokotala Sahibu ananena okha kuti kumbali kwanuko anamata mtovu."

"Mulibe mtovu, Masitaji."

Mukudziwa zomwe ndinayankha? Ndikakumbukira ndimafuna kudziluma. Ndinati, "Akutuma ndani? A kampani ya mafoni akudyetsa chiyani kuti udzandisokoneze mutu? Wosesa iwe, sukulu yako ndi chipepala cha pakhoma, lero ukufuna kundiphunzitsa chomwe chinapha mkazi wanga?" Ndinatemetsa nkhwangwa pamwala, chifukwa kuvomera kunali kuvomera kuti anthu mazana atatu ndinawayendetsa padzuwa pachabe.

Chedi sanabwezere chipongwecho. Anangoti, "Ine musandikhulupirire. Koma filimu sinama. Mundipatse tsiku limodzi."

Lolemba ndi tsiku la msika, odwala amachuluka. M'mawa Chedi anabwera ndi maenvulopu awiri akuda, iliyonse muli filimu yatsopano. Pa yoyamba anamangirirapo kiyi wa shopu yanga, n'kuipachika pakhomo moyang'ana nsanja, kiyi ali kunja. Pa yachiwiri anamangirirapo sizasi ya Zaibun, n'kuimata pathabwa, sizasi ili pakati pa thabwa ndi envulopu, molingana ndi pamimba pa munthu wokhala pamkeka. Gulnaz tsiku limenelo anakana yekha kubwera. Anati, "Abba, inu tsutsanani, koma ine nkhope ya Chacha ndinaiona." Mwana anali ndi nzeru kuposa bambo ake.

Ndinakhala ndikulondera maenvulopu aja ngati mlonda, kuopa kuti wina angachite chinyengo. Ngakhale mapemphero a masana ndinapempherera momwemo. Tsiku limenelo ndi loyamba lomwe ndinatchera khutu ku khethe uja. Kale ndinkangomumva ngati phokoso la msewu. Ndinawerenga mpaka makumi asanu ndi atatu.

Dzuwa litapendeka, wodwala womaliza atatuluka, Chedi anandilowetsa m'kachipinda kotsukira mafilimu. Munali kanyali kofiira ndi fungo lowawasa lotsamwitsa. Anayamba ndi filimu ya pakhomo ija. Anaiviika m'mabeseni ake, n'kuikweza. Inali mbee ngati galasi, kiyi osaoneka ngakhale pang'ono. Tsiku lathunthu ikuyang'anizana ndi nsanja, koma palibe chomwe chinaikhudza.

"Mwina filimu yako ndi yakufa," ndinatero.

Anaviika yachiwiri. Ndinaona ndi maso angawa mdima ukubwera pang'onopang'ono mpaka filimu yonse bii, ndipo pakati pake panatsala sizasi yoyera, ili chitsegulire pang'ono. Kansonga kothyoka komwe Zaibun anathyola potsegula chitini kanaonekanso. Sizasi ya mkazi wanga inajambulidwa ili m'shopu mwanga, makina ali chipinda china.

Ndinamufunsa funso limodzi lokha. "Unadziwa liti?"

Anayamba kuyanika filimu ija.

"Chedi, ndakufunsa. Unadziwa liti?"

"Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo," anatero, maso ali pansi. "Ndinkakhoma msomali wopachikapo chipepala changa chija. Unangolowa ngati m'papaya. Nditapala penti ndinapeza thabwa lokhalokha. Ndinakawauza Dokotala Sahibu. Anati panja pali anthu khumi ofuna jekete imeneyo. Ndili ndi ana aakazi anayi, Masitaji. Ndiye ndinakagula kampando kaja."

"Kampando! Mkazi wanga unamugulira kampando!"

Ndinamumenya pama mpaka mutu unakagunda chitseko. Ndinamugwira dzanja n'kulifinya ndi mphamvu zanga zonse, khungu lake louma lija n'kung'ambika, magazi chuu. Sanadziteteze, sanalire. Ndinamukumbutsa zonse. Zaibun ankamusungira maswiti a tsiku la Idi oti akapatse ana ake. Jekete yake yoyerayo batani likaduka ankamusokera ndi Zaibun, atakhala pamkeka womwewo. Zaka zonsezo munthu akumwa tiyi wanga, akuyang'ana mkazi wanga atatsamira thabwa limenelo, kenaka n'kubwerera kuseri kukaponda batani. Ndi mawu angati omwe ankafunika? "Masitaji, m'thabwamo mulibe mtovu." Basi. Mwana wa zaka zitatu akhoza kunena.

Koma chomwe chimandiwotcha kwambiri ndikuuzeni. Kampando kaja ndinakabweza ndine. Munthu wamantha anabweretsa chipulumutso chake chamantha, ine wansanje n'kuchikankhira kunja. Tikamawerenga opha Zaibun, ngati thabwalo ndi lomwe linamupha, ine ndili pamzere womwewo.

M'mawa mwake ndinalowa m'chipatalamo filimu ili m'manja, odwala ali thothotho pabenchi. Dokotala Sahibu anaiyang'ana pawindo, osachita ngakhale tsinya.

"Masitaji, chisoni chimasokoneza mutu, tikumvetsa. Dzana inali nsanja, lero ndi ine, mawa kaya mudzati ndani. Iwe Chedi, filimu iyi ndi ya chipatala. Anakupatsa chilolezo ndani?"

Ndinkayembekezera kuti Chedi aweramitsa mutu monga ankachitira moyo wake wonse. Koma anavula jekete ija, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika patebulo. Anatembenukira odwala, dzanja lili lomanga ndi kansanza, tsaya lili lotupa ndi pama langa.

"Abale, m'thabwa umo mulibe mtovu, ndipo Sahibu akudziwa chifukwa ndinawauza ndine. Kabaji kanga kali mudilowa umo, sindinakavalepo. Manja awa si mankhwala otsukira filimu ayi. Ndinakhala chete zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kuseri uko kunali munthu."

Anamuchotsa ntchito asanamalize n'komwe kulankhula. Madzulo ake ndinapeza kampando kaja pakhomo panga. Kanakhala m'kachipinda kotsukira mafilimu zaka zonsezo. Ndinakamenya theche mpaka kanakagwera mungalande, koma Gulnaz anakatola n'kukalowetsa.

Tsono mverani za anthu a m'khwalala lino. Ndinalemba pepala lina lodandaula, ndikuti anthu mazana atatu aja abweranso. Asa! Anadinda anthu anayi, wachinayi ndine. Ena ankati, "Masitaji, nkhani imeneyi ndi yovuta." Ena akandiona ankakhotera kanjira kena. Nsanja ndi ya anthu akutali, ukhoza kuitukwana tsiku lonse, siingakukanize mankhwala mwana akatentha thupi. Koma Dokotala Sahibu ndi wa pompano. Amuna onse aja ankakuwa pamsewu anasanduka nkhuku zonyowa. Filimu ija ndinaitumiza ndekha kuofesi ya boma. Patapita miyezi kunabwera mkulu wa tayi, anamwa tiyi ndi Dokotala Sahibu, n'kulamula kuti pamangidwe khoma la njerwa. Analimanga, analipaka penti, pakhomo n'kulembapo chikwangwani chachikulu choti chipatala chamakono. Mpaka lero mzere umafika pakhomo panga. Nsanja nayo ili pomwepo, ndipo komwe mpheta zinapita sindikudziwa.

Gulnaz ndinapita naye kuchipatala chachikulu cha kumzinda, filimu ya sizasi ija ili m'thumba, poti ndinali ndisanaitumize kuboma. Dokotala wake anali mayi wachikulire wolankhula mosapsatira. Za Zaibun anati palibe munthu amene angalumbire kuti chinamupha ndi thabwalo, komanso palibe amene angalumbire kuti si thabwalo. Za mwana ali m'mimbayo anawerengera masiku, n'kunena kuti mwayi ulipo waukulu woti ali bwino, poti mimba inali itakula kale. "Koma dikirani abadwe," anatero. Dikirani! Miyezi itatu ndi theka ndinadya mawu amenewo m'malo mwa chakudya. Gulnaz akangoti mwana sanasunthe lero, ine mtima unali m'malere, ndikudziwa kuti pamkeka paja ndinamukhazika ndi manja anga.

Anabadwa m'mawa wina mvula ikugwa, mwana wamkazi. Azamba atandipatsa ndinamunong'oneza mawu a Mulungu m'khutu monga mwa mwambo, kenaka ndinayamba kuwerenga zala. Za kumanja, za kumapazi, kubwerezanso, mpaka azamba anandilanda. Nditatuluka panja ndinapeza Chedi ataima pageti, wopanda ambulera, atanyowa chonyoweratu. Kaya anamuuza ndani. Anthu oyandikana nawo anali atasonkhana, ndipo ndi pamenepo pomwe ndinalumbira lumbiro lija la kumaliro ake, mokweza kuti aliyense amve.

"Ndamva, Masitaji," anatero. "Sindilowa. Ndingofunsa, mwana ali bwanji?"

Sindinamuyankhe. Koma Gulnaz anamva ali m'nyumba, ndipo ndi mawu ake otopawo anakuwa: "Chacha! Zala zonse zilipo! Ndipo ukali wake ndi wa agogo ake aamuna!"

Chedi anakhala pansi m'matope momwemo, n'kuphimba nkhope ndi manja ake oipa aja. Ine ndinatseka geti. Mwanayo tinamutcha Zaibun, ndipo pano akuthamanga, akundibera choko cholembera nsalu.

Bala lomwe ndinamung'amba Chedi padzanja silinapole. Linakula, linanunkha, ndipo kumzinda anati khungu lake linali litadwala kalekale, ine ndinangotsegula chitseko. Anamudula zala zitatu kudzanja lamanja, chachikulu chomwe, ndi ziwiri kumanzere. Zala zomwe anagwirira ana a anthu onse a m'tauni muno kuti amayi awo asalandire cheza. Inde, zimenezonso ndi zoona, ndipo zimandikwiyitsa, chifukwa munthu woipa yekhayekha savuta kudana naye. Pano amakhala pakona ya msika, akugulitsa timakapu tadothi tomwera tiyi tomwe amaumba mchimwene wake. Omwe ankamutcha Pulofesa amamudutsa ngati sakumudziwa.

Nyengo yozizira ya chaka chatha, chifunga chili tolo, ndinamuona akudutsa apa malaya ali chitsegulire, chifuwa chili pamtunda, mabatani onse alipo koma zala zomangira palibe. Ndinayang'ana kumbali. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndinalephera kupirira.

"Iwe! Ukufuna ufe ndi chibayo kuti anthu azinena kuti ndakupha ndine? Bwera kuno!"

Ndinamuyeza mwankhanza, tepi ndikuchita kumukoka nayo, osalankhula naye. Kuyambira pamenepo ndimamusokera malaya awa mukuwaonawa. Si chikhululukiro ayi, musandinamizire. Ndine telala, ndipo malaya osamanga amandinyansa.

Dzulo anabwera kudzatenga ena. Analowa osapereka moni, poti akudziwa kuti sindiyankha, n'kupita kukakhala malo ake a nthawi zonse, kumbuyo, pamkeka wa Zaibun, msana kukhoma. Sindinamuuzepo kuti azikhala pamenepo, amasankha yekha. Khomalo ndi la njerwa tsopano, koma analimangitsa ndi Dokotala Sahibu, ndipo munthu ameneyo ine sindimukhulupirira, Chedinso samukhulupirira. Chaka chathunthu ndakhala ndikumusiya, mumtima ndikuti akhale, alaweko. Kuseri kunamveka mawu a wojambula watsopano: "Kokani mpweya. Gwirani, musapume!" Ndinacheuka. Chedi anali atatsinzina, nayenso atagwira mpweya, msana ataukanikiza kukhoma. Khethe!

Ndinapalasa makina mwamphamvu mpaka singano inathyoka. Kuseri kunamvekanso, "Wina!" Ndinaimirira, ndinakoka kampando kaja pansi pa tebulo pomwe Gulnaz anakabisa, n'kukakankha ndi phazi mpaka pakhomo.

"Choka kukhomako, galu iwe. Khala apa powala."

Anadzuka pang'onopang'ono, n'kudzakhala. Tiyi sindinamupatse.